Chiphaso Chachinayi

Banja la Talbot linafika pa kampu yatsopano ya asilikali Lolemba pa 9 Ogasiti 2010. Katundu anafika patapita milungu iwiri, tebulo lodyera litathyoka mwendo. Aka kanali kachitatu kusamutsidwa chikwatiranire, ndipo Shawna anali atasiya kufunsa kuti mwendo wathyoka bwanji. Anamasula makatoni a kukhitchini, a mwana, a mwamuna wake Curtis. Katoni yaing'ono momwe munali ziphaso zake zitatu zogwirira ntchito anaikankhira kunsi kwa bedi ndi phazi.

Ntchito yake inali yotsuka mano. Anaiphunzira ku Georgia, n'kulandira chiphaso choyamba mu 2001. Curtis atasamutsidwira ku Texas, panafunika chiphaso cha ku Texas. Ku Colorado chimodzimodzi. Konseko anadikira miyezi, koma mapepala okha anakwanira. Chigawo chino chinali ndi lamulo lake: mayeso amene iye analemba ku Georgia kuno sankawawerengera. Munthu wa zaka zisanu ndi zinayi pantchito anayenera kukayesedwanso pamanja, limodzi ndi ana ongomaliza kumene sukulu.

Mayesowo ankachitika kawiri pachaka, mu Epulo ndi mu Okutobala, pa sukulu ya zamano ya mumzinda waukulu. Kulembetsa kwa Okutobala kunatsekedwa iwo asanafike. Ndipo woyesedwa ankabwera ndi munthu wakewake woti akamutsuke. Osati munthu aliyense. Pankafunika wa litsiro louma lija lokakamira kunsi kwa nkhama, lomwe pantchitoyi amalitcha mwala, lochuluka ndithu, loti oyesa akalowetsa kachitsulo alimve likukola. Wa mano oyera ankabwezedwa, ndipo womubweretsa ankabwerera naye limodzi.

Podikira, Shawna analowa ntchito yoyankha foni pa chipatala cha mano cha Dokotala Sorensen, kunja kwa geti la kampu. Wotsuka mano wa pamenepo ankayembekezeka kupuma pa ntchito kumapeto kwa Epulo.

"Mpandowo ndi wanu chiphaso chikatuluka mu Meyi," anatero dokotalayo. "Chikapanda kutuluka ndilemba wina. Si nkhanza, mayi Talbot, odwala sangadikire Okutobala."

Shawna anati wamva. Asilikali sasiya banja malo amodzi kupitirira zaka zitatu, pofika Meyi chaka chimodzi chikanakhala chikutha kale, ndipo palibe dokotala amene amalemba munthu woti mawa akumanga katundu. Akaphonya Epulo, ndiye kuti kuno sagwirako kachitsulo.

Nyengo yonse yozizira anakhalira kusuzumira m'kamwa mwa anthu. Kugolosale, kutchalitchi, pa geti la sukulu ya mwana wake, ankaponya nthabwala dala kuti munthu aseke, iye aone. Vuto la mlendo n'lakuti alibe m'bale woti amupemphe zinthu zochititsa manyazi.

Mano omwe ankawafuna anali atawaona kale sabata yoyamba. Anali a Darlene Pruitt, wa nyumba yoyang'anizana ndi yawo, yemwe anabwera ndi mbale ya makaroni kudzawalonjera. Darlene anali wa zaka pafupifupi makumi asanu, wa mawu okhakhala ndi fodya, ndipo akamaseka ankaphimba pakamwa ndi dzanja. Dzanjalo linachedwa kamodzi, Shawna n'kuona zonse. Koma mwamuna wa Darlene anali Sajeni Wamkulu Pruitt, bwana wa Curtis. Pa kampu akazi savala nyota za udindo, koma aliyense amadziwa za mwamuna wa mnzake. Mkazi wa bwana sumuuza kuti m'kamwa mwake ndi mmene wakhala ukufunafuna.

Tsiku lomwelo la makaroni Darlene anamva za mayesowo. "Ine ndinali mphunzitsi," anatero. "Ziphaso zisanu. Chachisanu ndi chimodzi ndinangoti zikhale. Udzatopa, mwana iwe. Tonse pa msewu uno tinali chinachake."

Mu Disembala, pa phwando la gulu la Curtis, Shawna anapeza munthu wake. Anali Kopolo Haskins, makaniko wa magalimoto a nkhondo, bambo wosakwatira wa zaka makumi atatu ndi zinayi, wotafuna fodya. Chaka chilichonse ankapita kukaonedwa mano monga mwa lamulo, koma tsiku lokatsukidwa likafika, galimoto ina inkapezeka yawonongeka. Shawna anamutengera pakona, kagalasi m'manja, namuuza kuti ayasamule.

"Mayi," anatero Haskins atatseka pakamwa, "chibadwire palibe mkazi anandiyang'anapo mano n'kumwetulira chonchi."

Kuyambira pamenepo Haskins ankadya kwa a Talbot Lamlungu lililonse. Shawna ankamuweta ngati mbuzi ya ukwati. Anamujambulitsa mano, analemba mbiri ya umoyo wake, namupatsa lamulo limodzi lokha: mswachi azigwiritsa ntchito monga mwa masiku onse, koma pampando wa wotsuka mano asakhalepo mpaka Loweruka pa 16 Epulo.

Lachitatu pa 13 Epulo, masana, Haskins analowa pa chipatala cha Sorensen ali mu yunifolomu, chipewa chili m'manja. Anaima patsogolo pa tebulo la foni, milomo ili yotseka.

"A Haskins, mwasowa chonena lero?"

Iye anangoyasamula. Mano anali mbee, nkhama zikuonetsa kuti zapalidwa kumene.

"Anatitenga tonse m'mawa, pamzere," anatero. "Mukudziwa kuti tikupita ku Afghanistan mu Julayi. A Sajeni Wamkulu alamula kuti aliyense wotsalira pa za mano amalize sabata ino. Ndinayesa kunena za galimoto, mayi. Anati galimotoyo idikira."

"Anakuperekezani ndani?"

Haskins anayang'ana chipewa chake. "A Sajeni Talbot."

Foni inalira. Shawna anaiyankha, napeza tsiku la mayi wina wa dzino lobowoka, naiika pansi. Anathokoza Haskins chifukwa chobwera kudzanena yekha, namuuza kuti Lamlungu abwerebe, nkhuku anagula kale.

Madzulo Curtis anakhala pakhonde nthawi yaitali akumasula zingwe za jombo. Atalowa anapeza chakudya chili patebulo, mwendo wothyoka uja utachirikizidwa ndi buku monga mwa masiku onse.

"Ndamuona Haskins," anatero Shawna. "Akuwala ngati mbale yatsopano."

"Ndimafuna kukuimbira."

"Unaiwala, kapena unakumbuka?"

"Ndinakumbuka."

"Unanena?"

"Ndikananena chiyani, Shawna? Kuti bwana, uyu yekha musiyeni, mkazi wanga akumuweta?"

"Ukanayesa. Mwina akanaseka."

"Pruitt saseka Lachitatu." Curtis anakoka mpando. "Tenga ine. Ndisiya mswachi mpaka Loweruka."

"Mwala sumera masiku atatu, a Sajeni. Komanso mano anuwo ndinawawononga ndekha, zaka khumi ndikuwapala pakhitchini."

"Akuti aphungu a chigawo akukambirana lamulo lija, loti ziphaso za akazi a asilikali azingozilandira."

"Akukambirana chifikire ife."

Sanakangane. Shawna anadabwa yekha kuti mkwiyo sunabwere. Anangomva kulemera kuja komwe amamva akaona lole ya katundu yaima pakhomo. Atadya anatsuka mbale, akuyang'ana pawindo nyumba ya tsidya la msewu.

Lachinayi m'mawa, asanapite kuntchito, anawoloka. Anapeza Darlene pakhonde ndi kapu ya khofi, akulongedza masokosi m'makatoni oti adzatumize kwa asilikali akadzapita.

"Mkazi wa Talbot. Nkhope imeneyo ndi ya maliro kapena ya transifa?"

"Ndabwera ndi pempho, a Darlene, ndipo mukhoza kundithamangitsa."

"Ngati n'zokhudza mwamuna wanga, ine sindilowerera. Ndimalamula kukhitchini kokha, nakonso iye akachokapo."

Shawna anafotokoza za Haskins. Darlene anaseka mpaka kutsokomola, dzanja lili pakamwa.

"Munthu wam'weta miyezi inayi, boma n'kudzam'chapa ulele. Pepa, mwana iwe. Nanga ine ndichitepo chiyani? Ndilibe msilikali wina wauve m'kabati."

Shawna anangoyang'ana dzanja lija. Darlene analitsitsa pang'onopang'ono, milomo n'kutsekeka.

"Ohoo," anatero.

"Sindikanabwera pakanakhala kwina."

"Unaona liti?"

"Tsiku la makaroni."

"Chaka chatha. Moni yense uja unkandipatsa uku ukundiwerenga mano."

"Sindinauzepo munthu. Ngakhale Curtis."

"Ndiye kuti pa akazi onse a msewu uno, wauve kwambiri ndine."

"Mwala si uve. Umabwera ndi malovu a munthu, ena amatsuka katatu patsiku koma umabwerabe. Koma inde, anu ndi amene angandipambanitse. Komanso mukawasiya choncho, zaka zisanu zikubwerazi muyamba kuwataya."

"Wabwera kudzapempha kapena kudzalalikira?"

"Kudzapempha."

Darlene anapinda masokosi awiri, nawapindulanso. "Ndili ndi zaka khumi ndi chimodzi, dokotala wa kwathu anandizula dzino mankhwala asanagwire. Anandipanikiza ndi bondo pachifuwa. Ana anga onse ndinawaperekeza kwa madokotala a mano, ine n'kumadikira m'galimoto. Pita kuntchito, uchedwa."

Shawna anapita. Anakhala pa tebulo la foni akumva kachitsulo ka mnzake wopuma ntchito uja kakulira kuseri kwa khoma. Anali atayamba kuganiza mmene amuuzire Sorensen kuti alembe wina. Nthawi ya nkhomaliro itayandikira, foni inalira.

"Chipatala cha mano cha Dokotala Sorensen, tikuthandizeni?"

"Ndikufuna kudzajambulitsa mano mawa," anatero mawu okhakhala. "Dzina Pruitt. Ndipo mumuuze mtsikana wa pafoniyo kuti akauza mkazi wina aliyense, ndim'samutsira ku Alaska."

Loweruka ananyamuka m'bandakucha pa galimoto ya Shawna. Msewu unali wowongoka, minda ili yosalima, mphepo ikukankha galimoto kumbali. Darlene anakana khofi, anakana wailesi. Atayenda ndithu analankhula akuyang'ana kunja.

"Chiphaso chachisanu ndi chimodzi chija ankafuna phunziro limodzi lokha. Mbiri ya chigawo chawo. Milungu khumi ya madzulo. Ndinati chaka chamawa, ana akule kaye. Chaka chamawacho tinali ku Germany." Anatsegula zenera pang'ono, nalitsekanso. "Usaganize kuti ndikukukonda. Ndangotopa kuona mawu anga aja, oti udzatopa, akupherezera pa aliyense."

Pa sukulu ya zamano panali oyesedwa ambiri, aliyense ndi munthu wake. Ena anabwera ndi awiri, wachiwiri wodikira ngati woyambayo angakanidwe. Anali amalume, azilamu, anzawo a kutchalitchi, anthu oti anakulira limodzi. Shawna anali wamkulu pa onse amene anavala zoyera.

Asanalowe, aliyense wodzatsukidwa ankamuyeza kuthamanga kwa magazi, ndipo kukakwera kupitirira malire sankaloledwa kukhala pampando. Namwino anamanga lamba pamkono wa Darlene, napopa, nawerenga, napukusa mutu.

"Kwakwera kwambiri, mayi. Pumulani pang'ono, tiyesanso kamodzi. Kukakhala chonchi sitingakuloleni."

"Makina anuwa akundiopa," anatero Darlene.

Shawna anamutengera pa benchi ya m'khonde, kutali ndi fungo la mankhwala. Kumuuza kuti asaope kukanangowonjezera. Anakhala naye pansi, nafunsa:

"Munkaphunzitsa kalasi yanji?"

"Yachinayi."

"Mwana wanga ali momwemo. Masamu ogawa aatali aja amulemera, ine ndimalephera kumufotokozera."

"Chifukwa umayamba ndi malamulo. Makolo nonse mumatero." Darlene anatenga cholembera m'thumba la Shawna, natembenuza envulopu ya zithunzi za mano ake. "Mwana umayamba kum'funsa kuti pali anthu angati, maswiti angati. Taona."

Anagawa nambala imodzi, kenaka ina, akumudzudzula Shawna chifukwa chotsitsa nambala molakwika. Mawu ake anasintha, anakhala a munthu woima kutsogolo kwa kalasi. Namwino atawaitananso, Darlene anapereka mkono asanamalize chiganizo. Namwino anawerenga, nalemba, nawalozera khomo.

Oyesa saonana ndi woyesedwa. Wodzatsukidwa amapita yekha kuchipinda chawo, nambala ili pachifuwa. Shawna anamuona Darlene akuyenda m'khonde lalitali, kansalu ka pepala kali pakhosi, msana uli chilili ngati akupita kukaona mphunzitsi wamkulu. Anayala zitsulo zake mwa dongosolo, naziyalanso. Panalibe china choti achite.

Darlene anabwera ndi pepala m'manja, nkhope itayera.

"Atatu, mmodzi akachoka wina," anatero. "Aliyense akuti mmm, ngati wapeza golide. Mmodzi anaitana mnzake kuti adzaone."

Pa pepalapo panalembedwa kuti wavomerezedwa. Shawna anapatsidwa mano apansi a kumanja, ndi ola limodzi ndi theka.

Shawna anavala magolovesi, natsitsa mpando. Chichokere ku Colorado anali asanalowetse kachitsulo m'kamwa mwa mlendo, koma dzanja linapeza njira lokha. Mwala unali wokhuthala, wakale, ukuthetheka m'zibenthu. Darlene anakumba zikhadabo m'mikono ya mpando. Msozi umodzi unatsikira kukhutu. Shawna anauona, naupukuta ndi kansalu, koma sanaime, chifukwa ankadziwa kuti akaima Darlene adzuka. Ankangomuuza dzino lomwe ali, ndi omwe atsala. Anamaliza nthawi isanathe, namutumizanso kwa oyesa.

Pobwerera Darlene anagona njira yonse, tsaya litatupa. Shawna anayendetsa galimoto phewa likuwawa, osamva chimwemwe kapena mantha.

Zotsatira zinatuluka Lachiwiri pa 3 Meyi. Anakhoza. Lolemba pa 9 Meyi anachoka pa tebulo la foni n'kulowa kuseri kwa khoma lija. Sorensen anakhoma msomali, Shawna n'kupachikapo chiphaso chachinayi. Zitatu zija anazisiya kunsi kwa bedi.

Kumapeto kwa mwezi womwewo aphungu anamaliza kukambirana. Lamulo linadutsa, loyamba kugwira ntchito pa 1 Julayi: mwamuna kapena mkazi wa msilikali wobwera ndi chiphaso chabwinobwino cha chigawo china azilandiridwa popanda mayeso. Curtis anawerenga nkhaniyo mokweza pa chakudya cha m'mawa, naleka pakati ataona nkhope ya mkazi wake.

"Ndi lamulo labwino," anatero Shawna. "Wobwera pambuyo panga asadzawete munthu."

Gulu linanyamuka mu Julayi. Kutatsala tsiku limodzi, akulongedza chikwama, Curtis ananena mosayang'ana kuti wamva mphekesera: akadzabwerako chaka chamawa, mwina adzawasamutsa.

"Kuti?"

"Sananene."

"Kumeneko lamulo ngati ili liliko?"

"Sindikudziwa, Shawna. Sananene n'komwe kuti n'kuti."

Pa mayeso paja anatsuka gawo limodzi lokha mwa magawo anayi a m'kamwa mwa Darlene. Otsalawo Darlene ankabwera kudzawamalizitsa kamodzikamodzi, nthawi zonse m'mawa kwambiri akazi ena asanayambe kuyenda, galimoto n'kuimika kuseri kwa chipatala. Mu Ogasiti, amuna onse atapita, anabwera kudzamaliza gawo lotsiriza, mano apansi a kumanzere. Anakhala pampando yekha osauzidwa.

"Ndamva kuti akuchotsani chaka chamawa," anatero.

"Mwamva kwa yani?"

"Ndine mkazi wa Pruitt, mwana iwe. Ndimamva zisananenedwe." Anayang'ana chiphaso pakhoma. "Msomali umenewo sanaukhome kwambiri, eti?"

"Yasamulani, a Darlene."

Darlene anayasamula, natsekanso. "Mbali inoyi isiye."

"Chifukwa?"

"Sudziwa komwe akutumizeni. Mwina nakonso akafuna munthu. Ndingakwere ndege, ndilibe chochita. Ukadzafika kumeneko uli mlendo, udzayambanso kuseketsa anthu m'magolosale?"

Shawna analowetsa kagalasi. Gawo lotsalalo linali loposa lija la pa mayeso. Mwala unali pa dzino lililonse, wokwanira oyesa atatu a chigawo chilichonse. Pofika chaka chamawa ukanawonjezekera. Anauyang'ana nthawi yaitali kuposa mmene ntchito inkafunira. Anaonanso nkhama zofiira, zotupa, zoyamba kuthawa dzino lakumapeto.

"Dzino lakumapetoli silingadikire chaka," anatero.

"Ndiye udzatani?"

"Ndidzaona ndikadzafika. Tembenukirani kuno."

Anakonza nyali, nasankha kachitsulo, nayamba ndi dzino lakumapetolo.